Kabichi wa Atelala m'Dimba la Amayi

Ababa anapuma pa ntchito m'mwezi wa Juni, ine ndili Fomu 2. Anakhala mesenjala pa ofesi ina ku Limbe kuyambira ndisanabadwe, ndipo kwathu, kufupi ndi Nguludi, ankangobwera kumapeto kwa mwezi, kufika Loweruka n'kubwerera Lamulungu. Tsiku lobwereratu anafika pa matola ndi katundu yense wa m'kachipinda kawo ka lendi: bedi lachitsulo, mipando iwiri, wailesi, mbaula, ndi njinga yakuda imene a ku ofesi anawatsanzika nayo. Kunali chiperoni, kamvula kakuwaza, komabe anthu anatuluka m'nyumba zawo kudzathandiza kutsitsa. Ena amene chaka chonse sanaponde pakhomo pathu ankalimbirana mbaula. Aliyense ankadziwa kuti munthu wopuma pa ntchito sabwera chimanjamanja.

Sabata yoyamba ababa anaithera pa njinga. Amayi ankatchula kumene tili ndi ngongole, iwo n'kunyamuka. Anayamba ku golosale, kumene tinkatenga sopo ndi mchere mwezi usanathe. Anapita kwa mayi wa chigayo, kenako kwa aphunzitsi ena a ku pulayimale amene anatibwereka ndalama ya fizi pamene ndinasankhidwa kupita ku sekondale. Pobwera ankaimba likhweru kuchokera kumsewu, n'kutsamiritsa njinga pa mtengo wa mapeyala.

"Imeneyo yatha. Tchulani ina."

"Tapumani kaye, mumwe tiyi," amayi ankatero, koma nkhope yawo ikuwala.

Ine chimene ndinachiona msanga chinali njira. Kale tikamapita kutchalitchi tinkadutsa kuseri kwa golosale, m'kanjira ka m'chinangwa, ndipo ndinkaganiza kuti n'chifukwa choti n'kwachidule. Lamulungu lotsatira amayi anadutsa kumaso, pang'onopang'ono, n'kuima kupereka moni kwa mwini golosale mpaka tinachedwa kolowa.

Inatsala ngongole imodzi, yaikulu kuposa zonse. Chaka cha chilala chachikulu mng'ono wanga anadwala kwambiri ndipo anagonekedwa nthawi yaitali ku chipatala cha mishoni. Anachira, koma nkhokwe inali yopanda kanthu ndipo malipiro a ababa sakanakwanira. Amayi anapinyolitsa dimba lawo. Kwathu pinyolo amayenda chonchi: munthu amakupatsa ndalama, iwe n'kumusiyira munda kuti azilima. Sipakhala chiwongoladzanja, phindu lake ndi zimene akukolola. Ukadzabweza ndalamayo, munda umabwerera kwa iwe. Ukalephera, amangolimabe, zaka n'kumapita.

Dimba limenelo amayi anasiyiridwa ndi anganga, amayi awo. Lili m'mbali mwa kamtsinje, dothi lake lakuda, lili ndi zitsime ziwiri ndi tsinde la nthochi pangodya. Amene analitenga anali atelala, bambo wachisilamu amene ankasoka pakhonde la sitolo ina pamsika pathu. Chilitengereni, amayi sanapondemonso. Akafuna mpiru ankandituma kumsika, ndipo kangapo ndinagula kwa akazi a atelala masamba ochokera m'dimba lathu lomwe. Sindinkawauza amayi kumene ndagula, koma ndikhulupirira ankadziwa.

Lolemba la sabata yachiwiri ababa anavala tayi, n'kuika ndalama mu envulopu yofiirira ngati ya ku ofesi. Sanauze munthu, ankafuna kuti amayi angoona zatheka. Ine ndinapita nawo chifukwa siketi yanga ya yunifolomu inali itafupika ndipo inkafunika kutsitsa mpendero.

Tinawapeza atelala akupalasa makina, tepi ili m'khosi.

"Sikomo a mesenjala, takulandirani kumudzi. Mwatitengera kalata?"

"Kalata yake ndi imeneyi," ababa anatero, n'kuika envulopu pathebulo la makina.

Atelala anasiya kupalasa. Anaiyang'ana envulopuyo koma sanaikhudze.

"Ya chiyani imeneyi?"

"Ya dimba."

"Dimba liti?"

"Dimba lathu, achimwene. Ndabwera kudzaliwombola."

"Lanu?" Atelala anatembenukira kwa ine. "Mwana iwe, dimba lija ndi la ndani?"

"La amayi," ndinayankha chapansipansi.

"Tsiku lodzapinyolitsa amayi ako anabwera ndi ndani?"

"Ndi atsibweni."

Atsibweni ndi achimwene awo a amayi, mwini mbumba yathu. Nkhani iliyonse ya malo kapena ukwati pamudzi pathu imadzera kwa iwo.

"Mwamvatu," atelala anatero, akukankhira envulopu kwa ababa ndi nsonga ya sizasi. "Achimwene, inu ndi ine ndife amodzi, tonse akamwini. Ine ndameretsa imvi pamudzi pa akazi anga, koma ngakhale mtengo wa papaya sindingaugulitse. Ndikalandira ndalamayi m'manja mwanu, mawa alamu anu adzati sanaione, ine ndidzayankha chiyani? Amene anatsegula chitseko ndi amene adzatseke."

Ababa anakonza tayi. "Chabwino. Ndibwera nawo mawa."

"Mawa ayi. Mwafikako kudimbako chibwerereni? Ndawokera kabichi posachedwapa. Munda wa pinyolo suwomboledwa mbewu ili chiimire. Mudikire ndikolole."

"Mpaka liti?"

"Kafunseni kabichiyo."

Anyamata amene ankasewera bawo pakhondepo anaseka. Atelala anandiyeza siketi, ababa ataima pambali, envulopu ili kukhwapa.

Titafika kunyumba ndi kufotokoza, amayi anaseka mpaka kukhala pansi pakhonde.

"Abambo inu, zaka zonsezi mukunyamula makalata a eni ake osalakwitsa, lero kalata yanu yomwe mwaiperekera pakhomo polakwika?"

Dzuwa lisanalowe atsibweni anali atamva. Anabwera ndi ndodo yawo, n'kukana mpando.

"Alamu, ndamva kuti ine ndinamwalira. Bwanji simunandiitane kumaliro anga?"

"Pepani alamu, ndimafuna kufulumira."

"Kufulumira n'kwa ku Limbe. Kuno timayamba taonana."

Ababa anapepesa ndi tambala wathu wofiira. Atsibweni anamulandira ndi nkhope yachisoni ngati akuwakakamiza, n'kumunyamula kukhwapa. Polawira ananena kuti kabichi akadzangotha m'dimba, iwo adzakhala okonzeka.

Apa ndiye panayambira vuto lenileni. Ndalama ya dimba inayenera kudikira miyezi itatu, mudzi wonse ukudziwa kuti ilipo. Ababa anakaisungitsa ku positi ku Limbe pamodzi ndi zotsala zina, buku n'kupereka kwa amayi. Koma buku silitseka pakhomo. Kwathu ababa ndi mkamwini, koma kwawo ku Ndunde iwonso ndi atsibweni a ana a alongo awo. Azakhali, alongo awo a ababa, anabwera koyamba, mwana wawo atathamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi. Ababa sakanakana. Anabweranso denga la nyumba yawo litagwa mbali imodzi. Kenako kunagwa maliro kwawo komweko, ndipo pa nkhani ya bokosi maso onse anayang'ana kwa munthu wa penshoni. Nthawi imeneyo zinthu zinkakwera mtengo mwezi ndi mwezi, shuga wa lero sanali mtengo wa dzulo. Ulendo uliwonse wa ku positi unali wokatapa.

Tsiku lina ndikusita yunifolomu ndinamva amayi akulankhula kuchipinda, mawu awo otsika.

"Abambo, zapamwamba zija zatha. Tsopano mwayamba kuluma ya dimba."

Mu kope limene ndimalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku ndinalemba pemphero limene lero limandiseketsa, koma ndinalilemba ndi mtima wonse: Ambuye, kabichi wa atelala akule msanga.

M'mawa mwake ababa anapita kudimba. Ankati akungokaona. Anabwera akupukusa mutu.

"Kabichi ameneyu sangakule. Akazi a atelala ali ndi mwana wakhanda, akuthirira modumphitsa masiku. Mitu yake ngati zibakera."

Tsiku lotsatira anabwereka kheni yothiririra mbewu kwa oyandikana nawo n'kupita kukapempha chilolezo chothirira. Akazi a atelala anadabwa, koma ndani angakane munthu wofuna kumutungira madzi? Kuyambira pamenepo ababa ankadzuka m'mamawa, kuvala kabudula wakale wa kaki, n'kutsetserekera kudimba. Munthu amene zaka zambiri ankangonyamula mapepala anatuluka matuza m'manja monse. Madzulo ankaviika manja m'madzi ofunda amchere akubuula, mng'ono wanga akuwaseka.

Azimayi amene ankachapa kumtsinje sanawasiye.

"Alamu, mwapuma ntchito ku Limbe kudzayamba ganyu kwa atelala?"

"Amakulipirani chiyani, masiketi?"

"Tandisiyani," ababa ankayankha, makheni awiri ali m'manja. "Ndikuperekeza mlendo kuti atuluke msanga m'nyumba mwa akazi anga."

Anayamba kututa manyowa m'khola mwathu kupita nawo kudimba pa njinga. Ine ndinadandaula kwa amayi kuti tikudyetsa kabichi wa eni ake.

"Asiye," amayi anatero. "Kabichi adzachoka, manyowawo adzatsala m'dothi langa."

Amayi sanapiteko ngakhale kamodzi, koma dimbalo ankaliyendetsa ali pakhonde. Ankawauza ababa kuti ayambe kutunga chitsime cha kumtunda chifukwa chimaphwa msanga, cha kumunsi achisungire mwezi wa Sepitembala. Ankawauza kuti mzere wa kufupi ndi nthochi suchedwa kugwidwa ndi nsabwe, awaze phulusa mame asanaume. Ankadziwa ngakhale pamene mpanda umafooka, pamene mbuzi za atsibweni zimakonda kuboola. Ababa ankamvetsera ngati mwana wa sukulu, nthawi zina n'kubwereza mawuwo kuti asaiwale. Loweruka ine ndi mng'ono wanga tinkapita kukawathandiza kutola mbozi m'masamba. Ankayenda m'mizere akufinya mitu ya kabichi umodzi umodzi.

"Uyu walimba. Uyu ndi waulesi. Iwe, anzako akupita, ukudikira chiyani?"

Ndinali ndisanawaonepo ababa akusangalala chonchi. Kale ndinkawadziwa ngati mlendo wa kumapeto kwa mwezi, wobwera ndi buledi ndi kutopa. Kudimba ankaimba nyimbo za kwaya molakwitsa mawu, ndipo anandifunsa za sukulu zinthu zimene sanandifunsepo: mphunzitsi amene ndimamuopa, phunziro limene limandivuta, chimene ndikufuna kudzakhala. Ndinawauza kuti unamwino. Anaika kheni pansi n'kunena kuti ndiye tiyenera kulimbikira tonse awiri.

Kabichi anakhwima mu Sepitembala, mitu ikuluikulu yoti mwana sangainyamule ndi dzanja limodzi. Tinaganiza kuti zatha. Koma akazi a atelala ankangodula wokwana dengu limodzi tsiku la msika, chifukwa pamsika pathu aliyense anali ndi kabichi wake ndipo ogula anali ochepa. Pa liwiro limenelo dimba likanatha mvula itagwa kale. Ndipo ndalama ya ku positi inali itaperewera. Azakhali anali atabweranso.

Ababa anapita kwa atelala, ulendo uno opanda tayi.

"Achimwene, kabichi wanu akukalamba m'munda. Bwanji ndizikakugulitsirani ku Limbe?"

"Pa njinga imeneyi? Ndi miyendo ya penshoni?"

"Miyendo imeneyi yazungulira Limbe kuyambira inu musanagule makina."

Atelala analuma ulusi, n'kuganiza pang'ono. "Ine mundipatse mtengo wa pamsika pano. Chimene mupeze pamwamba n'chanu."

Ababa ankamanga matumba awiri pakaliyala, lina pakati pa felemu, n'kunyamuka kusanatenthe. Pokwera zitunda ankatsika n'kumakankha. Kumsika waukulu sanapiteko. Iwo ankadziwa khomo la kuseri la ofesi iliyonse, ankadziwa amayi ophika m'malesitilanti ang'onoang'ono, alonda, makalaliki amene amaweruka mochedwa osapeza nthawi ya kumsika. Anzawo akale ankawaseka kuti mesenjala wasanduka venda, koma akaseka ankagula, ena n'kuitanitsiratu wa ulendo wotsatira. Madzulo ankafika fumbi lili mpaka m'nsidze, n'kuyamba kwa atelala kukapereka zawo. Zotsala ankapereka kwa amayi.

"Za dimba izi. Musandipatsenso, ngakhale ndilire."

Azakhali atabweranso nthawi ina, anabwerera ndi kabichi awiri pamutu, ogulidwa kwa atelala pa mtengo wa pamsika. Sanakondwe kwenikweni, koma analandira.

M'kati mwa Okutobala ababa anadula mutu womaliza. Madzulo amenewo amayi anawerengera zimene zinali ku positi ndi zimene ankasunga iwo, n'kubwereza kachiwiri. Kenako anatuluka panja, anakatenga khasu lawo laling'ono limene linali patsindwi la khitchini, n'kuyamba kulikhoma mpini. Tonse tinamva kuti ndalama yakwana.

Tinakumana kudimba Loweruka m'mawa. Atsibweni anavala jekete ngakhale kunkatentha kale. Atelala anabwera ndi akazi awo ndi mkulu wina wa ku mzikiti amene analipo tsiku la pinyolo. Amayi anaima kunja kwa mpanda. Ababa anatulutsa ndalama n'kupereka kwa amayi, amayi anagwada n'kupereka kwa atsibweni, atsibweni n'kupereka kwa atelala. Ndalamayo inayenda mtunda wosakwana mkono, koma inadutsa m'manja oyenera.

Atelala anawerenga pang'onopang'ono, akunyowetsa chala.

"Zakwana. Dimba labwerera kwa eni ake."

Atsibweni anatsokomola n'kuyamba kulankhula. Anathokoza atelala posunga bwino malo a mbumba yawo. Anafotokoza mmene iwo, monga mwini mbumba, sanagone tulo zaka zonsezi poganizira dimba limeneli. Analankhula nthawi yaitali moti munthu wodutsa akanaganiza kuti ndalamayo yachokera m'thumba la jekete lawo. Kumapeto anatembenukira kwa ababa.

"Alamu anganso ayesetsa. Akuphunzira."

"Ine ndiye ndaluza kawiri," atelala anatero. "Dimba lapita, waganyu wanga wapitanso."

Tonse tinaseka, ngakhale mkulu wa ku mzikiti uja. Amayi anavula masilipasi n'kulowa. Anayenda mpaka pakati, anawerama n'kutapa dothi, n'kulifikisa m'manja. Ndinkayembekeza kuti alira. M'malo mwake anayang'ana uku ndi uku n'kuloza pangodya.

"Nthochi izi ndani anazisiya kuti zithinane chonchi? Abambo, mawa muchotse ana ake awa. Chitsime ichinso chikufuna kukumba."

"Mawa ndi Lamulungu, mayi."

"Ndiye Lolemba."

Chaka chimenecho mvula isanagwe tinabzala chimanga chosachedwa kucha kumtunda kwa dimba, ndipo chilimwe chotsatira amayi anadzaza mizere ndi mpiru, tomato ndi kabichi. Ababa anapitiriza maulendo a ku Limbe. Makasitomala awo anali atawazolowera, ndipo akazi a atelala, amene anapeza dimba lina kutsidya, ankawapatsanso masamba awo kuti awagulitsire. Panyumba anagwirizana kuti kandalama ka penshoni ka mwezi ndi mwezi ndi kogulira sopo, mchere ndi kuthandizira abale, koma za kudimba, akachotsa za mbewu ndi feteleza, zizipita ku positi. Lamulo limeneli analikhazikitsa ndi amayi, ndipo buku amasunga okha mpaka lero.

Tsiku loyamba kukaika ndalama ababa anabwera akuseka okha. Anati kalaliki wa ku positi atangowaona pamzere anatulutsa kapepala kotapira, osafunsa n'komwe.

"Ndinamuuza kuti mwana wanga, bweza kameneko, undipatse koikira ndalama. Anachita kufunafuna m'dirowa."

Si zambiri zimene zili m'bukumo. Nyumba yathu ikadali yofolera ndi udzu, ndipo ababa akadutsa pa sitolo ya malata amachepetsa liwiro la njinga. Mwezi wina tomato anagwidwa ndi matenda ndipo sanaikeko kalikonse. Koma tsopano ndili Fomu 4, ndipo fizi ya teremu ino inalipidwa sukulu isanatsegulidwe, popanda kugogoda pakhomo pa munthu. Ya mayeso ilipo kale. Amayi akuti ndikakhoza bwino, ya ku sukulu ya unamwino tidzaipeza m'dimba momwemo, ndipo ine ndikuwakhulupirira, chifukwa ndikuona mmene mizere ikuwonjezekera chaka ndi chaka.

Sabata yatha ndinawapeza awiriwa akukangana pafupi ndi chitsime cha kumunsi. Ababa ankafuna kuti mbali yonse ya kumtsinje ikhale ya kabichi, poti ndi amene anthu awo a ku Limbe amafuna. Amayi ankati anyezi, chifukwa saola msanga ndipo ukhoza kumusunga mpaka mtengo utakwera.

"Ine ndi amene ndimadziwa msika," ababa anatero.

"Mumaudziwadi. Nanga dimba ndi la ndani?"

Ababa anandiyang'ana ngati ndiwathandize. Ine ndinapitiriza kutunga madzi. Dzulo tawokera anyezi.